MBALAME ZA PAKHOMO NDI MBIRI YA KUZIJAMBULA

Ife a ku Mwanza tikadzuka mamawa tipeza pumbwa ali kale m'mitengo ya manacesi, cingolopiyo alikutola gaga pafupi ndi mtondo, ndi gologolo alikuthamanga pa denga la nkhokwe. Tazizolowera zimenezi, kotero kuti sitiziyang'ananso. Koma masiku ano anyamata ena ayamba kuzijambula ndi mafoni ao, ndipo akulu alikufunsa kuti, Kodi phindu lace nciani? Tisanayankhe, tiyeni tione kumene nchito imeneyi inacokera, pakuti mbiri yace ikhudza mapiri athu omwe.

Mapiri aja atsata malire a Mozambique kunka ku Neno ndi ku Ntcheu alembedwa pa mapu kuti Kirk Range. Dzinali anapereka ndi David Livingstone, kukumbukira mnzace John Kirk, sing'anga wa ku Scotland, amene anayenda naye pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira 1858 kufikira 1863. Luso la kujambula ndi kuwala linali lacilendo ndithu, pakuti linalengezedwa ku France m'caka ca 1839. Amene anapatsidwa nchito ya kujambula pa ulendowo ndiye Charles, mphwace wa Livingstone, koma zithunzi zace sizinayende bwino. Zimene zikumbukika lero ndi za Kirk. Iye anajambulira pa pepala lopakidwa phula ndi mankhwala, ndipo kuwala kunayenera kugwera pa pepalalo nthawi yaitali cithunzi cisanagwire. Mlambe uima cete, nyumba iima cete, koma mbalame siyembekeza munthu. Cifukwa cace Kirk anajambula mitengo ndi nyumba, koma mbalame anazisonkhanitsa zakufa, nasenda zikopa zace, nazitumiza ku England. M'caka ca 1864 analemba za mbalame za dziko la Zambezi m'magazini ochedwa Ibis.

Njira ya mfuti imeneyi inakhalitsa zaka zambiri. M'caka ca 1891 Alexander Whyte anafika ku Zomba pansi pa Harry Johnston, nasonkhanitsa mbalame ndi zomera pa mapiri a Zomba ndi Mulanje. Mkungudza wa pa Mulanje uli ndi dzina lace m'mabuku a akatswiri kufikira lero. Charles Belcher, woweruza milandu, anasindikiza The Birds of Nyasaland m'caka ca 1930. Masiku amenewo munthu wofuna kutsimikiza kuti waona mbalame yakuti anayenera kuonetsa cikopa cace.

Kutsidya kwa nyanja zinthu zinalikusintha. Magalasi ogwira kuwala msanga anapezeka, ndipo m'caka ca 1888 George Eastman anayamba kugulitsa kamera yaing'ono yochedwa Kodak. Abale awiri a ku England, Richard ndi Cherry Kearton, anajambula cisa cokhala ndi mazira m'caka ca 1892, ndipo m'caka ca 1895 anaturutsa buku la zisa za mbalame lodzala ndi zithunzi. Pofuna kuti mbalame zisawaope anakonza ng'ombe yacinyengo ya cikopa, yopanda kanthu m'kati, ndipo mmodzi analowamo ndi kamera, nakhala cete nthawi yaitali. Pamenepo anatsimikiza mau a makolo athu akuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Tisaganize kuti nzeru ya mbalame inali ya Azungu okha. C. W. Benson, amene anabwera kudzagwira nchito ya Boma m'dziko muno m'caka ca 1932, anayenda zaka zambiri ndi Jali Makawa, munthu wakuda mnzathu, wodziwa kuzindikira mbalame ndi kulira kwace kokha, ndi kuziitana pakutsanzira mau ao. M'caka ca 1964 Makawa anapeza kambalame kacilendo kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia, ndipo akatswiri anakacha Pogoniulus makawai, kulemekeza iye. Kanali kamodzi kokha, ndipo cikopa cace ndico umboni umene ulipo. Benson ndi mkazi wace anasindikiza The Birds of Malawi m'caka ca 1977; ndipo buku lina la dzina lomwelo, la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, la m'caka ca 2006, liwerenga mitundu ya mbalame pafupifupi 650 m'dziko lathu laling'onoli.

Tsono cimene Kirk analephera ndi katundu wace wolemera, mwana wa sukulu acita lero ndi foni ya m'thumba, osakhetsa nthenga ngakhale imodzi. Apa ndipo pagona yankho la funso la akulu lija. Tonse taona matumba a makala alikutsika ndi mseu wa ku Zalewa kunka ku Blantyre, ndipo tidziwa kuti mitengo ya m'mapiri athu, ngakhale ku nkhalango ya Thambani, ilikucepa. Mtengo ukagwa, cisa cigwa nao. Mbalame ikasowa, dzina lace lisowanso pakamwa pa ana. Alipo kale ana m'midzi mwathu amene sanamvepo nsadzu ilikuitanira munthu ku njuci. Cithunzi cojambulidwa lero cidzauza adzukulu zimene zinalipo pakhomo pathu.

Wofuna kuyesa asabvutike ndi kupita kutali. Aike phale la madzi pansi pa mtengo m'nyengo ya dzuwa, akhale pansi dzuwa liri kumbuyo kwace, asayankhule, ndipo pumbwa, njiwa ndi mpheta zidzabwera zokha. Cisa asacikhudze, ndipo asathyole nthambi zocibisa, pakuti adani a mbalame adzaciona. Timba sacepa ndi mazira ace. Atatha kujambula, afunse agogo dzina la mbalameyo m'cinenero cathu, nalilembe m'kope pamodzi ndi tsiku ndi malo.

Mwana wa legeni ndi ulimbo adziwa kale kumene mbalame imwera ndi kumene igona. Nzeru imeneyo ndiyo inakweza Jali Makawa. Tisamlande mwanayo nzeru yace; tingomphunzitsa kuti abwere kunyumba ndi cithunzi, mwini wace wa cithunzico atatsala wamoyo mumtengo.