Za Kafumbata ndi Kacirombo Kodana ndi Mpweya

Owerenga athu ambiri aidziwa nthenda ya kafumbata. Munthu alaswa ndi munga kapena msomali kumunda, kabala kace kapola pamwamba. Koma atapita masiku, nsagwada ziuma, msana upindika ngati uta, ndipo ambiri sadzukanso. Cozizwitsa ndi ici, kuti kabala kozama kotsekeka kaopsa koposa kukalika kwa pakhungu kumene mphepo ifikapo. Hippocrates, sing'anga wa ku Greece, analemba za nthendayi kale lomwe, koma zinapita zaka zoposa 2,000 wopanda munthu womasulira mwambi umenewu.

Woyamba kutsegula njira ndiye Louis Pasteur wa ku France. M'caka ca 1861 analikupenya kadontho ka madzi osasa ndi mandala okuza zinthu, naona kuti tizirombo ta m'mbali mwa kadonthoko, kumene mpweya ufika, taleka kuyenda, koma ta pakati tiri kusewerabe. Pamenepo anazindikira kuti ziripo zamoyo zimene mpweya wotipatsa ife moyo uli mdani wao.

M'caka ca 1884 Arthur Nicolaier, ku Göttingen m'dziko la Germany, anaika dothi pansi pa khungu la mbewa ndi akalulu, ndipo zinagwidwa ndi kafumbata. Tsono kunadziwika kuti mdaniyo akhala m'nthaka. Koma kumlera payekha kunakanika, pakuti m'mbale zoonekera kumpweya sanali kumera konse. Amene anapambana ndiye Kitasato Shibasaburo, Mjapani wogwira nchito kwa Robert Koch ku Berlin, m'caka ca 1889. Nzeru yace tiyenera kuitama. Anatenthetsa mafinya kuti tizirombo tina tife, potsala mbeu zolimba za kafumbata zosaopa kutenthako. Kenaka anazitsekera m'ciwiya cocotsamo mpweya, ndipo zinamera. Kacirombo kace kaoneka ngati cibonga, mbeu iri kumutu. Iko sikayendayenda m'thupi ai: kabisala m'bala momwemo, nikatumiza ululu wace m'mitsempha kufikira kumsana.

Caka cotsatira Kitasato ndi Emil von Behring anapeza kuti madzi a m'mwazi wa nyama yozolowetsedwa ululuwo acinjiriza nyama ina. Phindu lace linaoneka m'nkhondo ya 1914. Minda ya ku France ndi Belgium inali yothiridwa ndowe zaka zambiri, ndipo m'ndowe muli mbeu za kafumbata. Cotero asilikari olaswa m'matope amenewo anafa ambiri miyezi yoyamba. Madotolo atayamba kubaya wolaswa ali yense ndi mankhwala ocokera m'mwazi wa akavalo, nthendayo inacepa kwambiri.

Katemera wocinjiriza munthu asanalaswe anapangidwa ku France m'caka ca 1924. Ndiye amene amabayidwa amai apakati, kuti khanda lisagwidwe ndi kafumbata wolowera pamcombo wodulidwa ndi mpeni wakuda kapena wopakidwa ndowe.