Loko wosamvera munthu mmodzi

Maloko akale kwambiri amene timawadziwa anali a mtengo. Ku Egypt ndi ku Mesopotamia mmisiri ankasema mpiringidzo n'kuuboola timabowo, ndipo chitseko chikatsekedwa timitengo tinkagwera m'timabowomo kuti mpiringidzowo usasunthe. Kiyi wake anali chimtengo cha mano chotukulira timitengoto. Aroma anabweretsa maloko achitsulo ndi makiyi ang'onoang'ono, ena ovala kuchala. Amisiri onsewa nkhawa yawo inali pa munthu wopanda kiyi, kuti atsale panja. Za mwini kiyiyo panalibe wodandaula, poti katundu wa m'nyumbamo anali wake yemwe.

Zinthu zinasintha pamene chuma cha anthu ambiri chinayamba kugona m'manja mwa munthu mmodzi. Mu 1199 Papa Innocent III, posonkhetsa ndalama za nkhondo yokalanda Jerusalem, analamula kuti m'matchalitchi muikidwe bokosi la zopereka lotsekedwa ndi makiyi atatu: wina asunge bishopu, wina wansembe wa pamalopo, wachitatu mkhristu wamba wodziwika ndi khalidwe labwino. Chiganizocho n'chosavuta kuchimvetsa. Wakuba wa usiku mumamuthamangitsa ndi zibonga, koma ndalama zikasowa m'manja mwa wansembe, ndani angayambe kuloza chala? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo makiyi atatuwo ankatchinjiriza wansembe yemweyo, chifukwa miseche sikanamugwera pa bokosi limene sakanatha kulitsegula yekha.

Mwambowu unazika mizu. Ku England, mu 1538, Thomas Cromwell analamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro m'kaundula, ndipo bukulo lizisungidwa m'bokosi la maloko awiri, kiyi wina kwa wansembe, wina kwa akuluakulu a mpingo. Malamulo a mpingo a 1603 anakweza malokowo kufika pa atatu. Mafumu a ku Spain nawo, poona kutalika kwa madera awo a ku America, ankasunga siliva wa boma m'mabokosi a makiyi atatu ogawidwa kwa msungichuma, wowerengera ndalama ndi mkulu wina wa boma. Mfumu ili kutsidya la nyanja sinkatha kuyang'anira anthu ake, choncho inkawasiya kuti aziyang'anirana okha.

Komabe mabokosi onsewa anali ndi maloko angapo pa chivundikiro chimodzi. Loko mmodzi womvera makiyi awiri anali wovuta kupanga, chifukwa maloko a nthawiyo anali ophweka: m'kati munkangokhala zitsulo zotchinga njira, ndipo kiyi aliyense woonda wotha kuzemba zotchingazo ankatsegula. Mu 1778 Robert Barron wa ku London anatulukira njira ina. M'loko mwake munali tizitsulo tofunika kuti kiyi atitukule pa mlingo wake weniweni. Akapereweza loko sankatseguka, akapitiriza chimodzimodzi. Jeremiah Chubb anawonjezera luso mu 1818 ndi loko amene ankauma gwa munthu akamuseweretsa ndi waya. M'maloko a mtunduwu tizitsulo tophwatalala timasanjikizana, kalikonse kali ndi kampata kake, ndipo mpiringidzo uli ndi kamsomali koyenera kudutsa m'timipata tonseto nthawi imodzi. Apa ndiye panatsegukira nzeru ija. Ngati tizitsulo tonse tiyenera kulolera, n'kutigawa magulu awiri, gulu lina kwa kiyi uyu, lina kwa kiyi uyo, ndiye kuti kiyi mmodzi payekha saphula kanthu.

Amene anafuna loko wotereyu kwambiri anali a nyumba zobwereketsa timabokosi tosungiramo zinthu zamtengo wapatali. Ku New York, Francis Jenks anatsegula nyumba yotere mu 1865, ndipo ku London ina inatsegulidwa mu 1875. Posakhalitsa mabanki analowa nawo m'malondawa. Kukayikirana kwake kunali kwa mbali ziwiri. Wobwereka sankafuna kuti wogwira ntchito azisuzumira mapepala ake a malo ndi ndolo za mkazi wake. Banki nayo sinkafuna kuti aliyense wotola kiyi pamsewu alowe n'kutsegula.

Mmene zimayendera mpaka lero ndi motere. Wobwereka amasayina m'buku, kalaliki n'kufananiza siginecha, kenako awiriwo amalowa m'chipinda cha khoma la timakomo tachitsulo ta manambala. Pa kakhomo kalikonse nthawi zambiri pamakhala mabowo awiri. Kalaliki ndiye amayamba. Kiyi wake ndi mmodzi wa timakomo tonse, koma sakoka mpiringidzo. Amangotukula tizitsulo ta mbali ya banki n'kutisiya tili tcheru. Kenako kiyi wa wobwereka, amene alibe wofanana naye m'chipindamo, amatukula tizitsulo totsala n'kukoka mpiringidzo. Potseka, tizitsulo ta banki timagweranso m'malo mwake, kotero munthu sangatseke n'kutsegulanso yekha kalaliki atatembenuka. Banki sisunga kiyi wa wobwereka. Mukataya makiyi anu onse amene anakupatsani, amaitana mmisiri kudzaboola lokoyo inu mukuona, ndipo bilu yake ndi yanu. Kwa ine apa ndi pamene luso la malokowa linafika pachimake, chifukwa ngakhale dongosolo la woyamba ndi wotsiriza analisula m'chitsulo momwemo.

Chimene loko wa kubanki sangadziwe n'chakuti makiyi awiriwo ali m'manja mwa anthu awiri kapena mmodzi. Kubanki zimenezi amazisiyira kalaliki ndi buku lake. Asilikali a ku America, atayamba kuika mizinga ya nyukiliya m'maenje m'zaka za m'ma 1960, sakanadalira buku. Iwo anawonjezera mtunda ndi nthawi. Pa mizinga ya Titan II, makiyi ankakhala m'kabokosi kofiira kotsekedwa ndi maloko awiri a manambala, msilikali aliyense akudziwa nambala ya loko wake basi. Mabowo a makiyiwo anatalikirana moti munthu mmodzi sakanafikira onse, ankayenera kupotokoledwa mosasiyana masekondi awiri, ndipo kiyi ukamusiya ankabwerera yekha. Pa mizinga ya Minuteman mabowowo anatalikirana mafiti 12, komanso pamafunika kuti gulu lachiwiri, m'chipinda china kutali, lipotokole makiyi akenso. Dzenje limodzi la Titan II lilipobe kufupi ndi Tucson ku Arizona, ndipo alendo amakaona mipando iwiri ya opotokola makiyiwo.

Panali vuto lina lakalekale limene chitsulo chinalephera: wosunga kiyi akamwalira kapena akapita ulendo, bokosi limakhala chitsekere. Yankho linachokera ku masamu. Mu 1979 Adi Shamir anaonetsa mmene nambala yachinsinsi ingagawidwire zidutswa, tinene zisanu, kuti zitatu zilizonse zikakumana zibweretse nambala yonse, koma ziwiri zisaulule kalikonse. George Blakley anapeza njira ina yofanana nayo chaka chomwecho. Chodabwitsa n'chakuti kiyi wachitsulo sanatayidwe. Kuyambira 2010 bungwe la ICANN limachititsa misonkhano ku Culpeper ndi ku El Segundo, m'dziko la America, yogwiritsira ntchito kiyi wamkulu woteteza mayina a pa intaneti, ndipo anthu odalirika ochokera m'maiko osiyanasiyana amafika ndi timakiyi tachitsulo totsegulira timabokosi ta makadi awo ololeza kugwiritsa ntchito kiyi wamkuluyo.

Kuno kwathu nzeruyi inafalikira kudzera ku banki mkhonde, njira imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Bokosi lake ndi lachitsulo, la maloko atatu. Makiyi amasungidwa ndi mamembala atatu, ndipo wosunga bokosi sapatsidwa kiyi. Limatsegulidwa pamsonkhano, ndalama n'kuwerengedwa mokweza aliyense akumva. Kufooka kwake kumabwera ndi ulemu. Mayi wosunga kiyi akapita kumaliro amasiyira mnzake, winayo akadwala amatumiza wake ndi mwana, ndipo tsiku lina makiyi onse atatu amapezeka m'mpango umodzi popanda wofunsa, poti kufunsa kuli ngati kunena munthu kuti ndi wakuba. Malokowo saletsanso mbava yonyamula bokosi lonse n'kukaliphwanyira kutchire. N'chifukwa chake magulu ozindikira amabwereketsa pafupifupi ndalama zonse pamsonkhano uliwonse kuti bokosi lizigona lopepuka, ndipo nthawi yogawana ikayandikira, ngongole zonse zitabwerera, ena amakaika ndalamazo kubanki kapena pa foni mpaka tsiku logawana.