Malamulo a mpamba wa mabanki ku Malawi

Malamulo a mpamba wa mabanki ndi malamulo omwe amanena kuchuluka kwa ndalama zomwe eni banki ayenera kuikamo okha, kupatula ndalama zomwe anthu amasungitsa. Ndalama za eniakezi ndizo zimatchedwa mpamba wa banki. Banki ikaluza, mwachitsanzo anthu akalephera kubweza ngongole, mpambawu ndiwo umayamba kudyeka, ndalama za osungitsa zisanakhudzidwe. Ku Malawi malamulowa amakhazikitsidwa ndi Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu ya dziko lino, yomwe likulu lake lili ku City Centre mumzinda wa Lilongwe.

Chifukwa chake

Ndalama zambiri zomwe banki imabwereketsa si zake ayi. Ndi malipiro a aphunzitsi ndi anamwino, ndalama za ochita malonda, za mipingo ndi za makampani. Banki yokhala ndi mpamba wochepa ikhoza kugwa ngakhale ngongole zochepa chabe zitalephera kubwezedwa, ndipo anthu akamva mphekesera amathamangira kukatapa ndalama zawo tsiku limodzi. Lamulo limafuna kuti eni banki akhale ndi chawo chomwe angataye, kuti asamabwereketse mwachisawawa ndalama za anthu ena.

Mbiri

Malamulo a masiku ano anayambira mumzinda wa Basel ku Switzerland. M'chaka cha 1974, banki ya Herstatt ya ku Germany itagwa, mabanki aakulu a maiko olemera anakhazikitsa komiti yoona za kayendetsedwe ka mabanki. Komitiyi inatulutsa Basel I mu 1988, yomwe inati mpamba usachepere 8 peresenti ya ngongole ndi katundu wina wa banki, atawerengedwa molingana ndi chiopsezo chake. Basel II inatuluka mu 2004, ndipo Basel III inatuluka mu 2010 pambuyo pa mavuto a zachuma omwe anagwetsa mabanki ku America ndi ku Ulaya mu 2007 ndi 2008.

Reserve Bank of Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1964 ndipo inayamba ntchito mu 1965 ku Blantyre. Likulu lake linasamukira ku Lilongwe mu 1981. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, gavanala wa bankiyi ndiye amapereka ziphaso ndi kuyang'anira mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe ena a zachuma. Dziko la Malawi linayamba kutsatira Basel II mu Januwale 2014.

Kawerengedwe kake

Mpamba umagawidwa pawiri. Gawo loyamba, lotchedwa Tier 1, ndi ndalama zomwe eni masheya analipira pamodzi ndi phindu lomwe banki inasunga osagawira eniake. Gawo lachiwiri, Tier 2, muli zinthu monga ngongole za nthawi yaitali zomwe banki inatenga pa mgwirizano wakuti zidzabwezedwa pomaliza, osungitsa atalandira kale zawo.

Ku Malawi Tier 1 isachepere 10 peresenti, ndipo mpamba wonse usachepere 15 peresenti. Malire amenewa ndi okwera kuposa a ku Basel. Powerengera, ndalama zonse zomwe banki yabwereketsa sizilemera mofanana. Ndalama zobwereketsa boma m'makwacha zimatengedwa ngati zopanda chiopsezo, pamene ngongole wamba ya bizinesi imawerengedwa yonse. Mwachitsanzo, banki yomwe ngongole zake zikukwana K100 biliyoni zikawerengedwa motere, iyenera kukhala ndi Tier 1 ya K10 biliyoni ndi mpamba wonse wa K15 biliyoni. Ngongole za K6 biliyoni zikafera kwa anthu, bankiyo yatsika pansi pa malire, ndipo eniake ayenera kuwonjezera ndalama, kusiya kugawana phindu, kuchepetsa kubwereketsa kapena kuigulitsa.

Makampani omwe ndi eni mabanki

Mabanki ambiri a ku Malawi ali m'manja mwa makampani akuluakulu. Press Corporation ili ndi masheya ambiri mu National Bank of Malawi, NICO Holdings mu NBS Bank, FDH Financial Holdings mu FDH Bank, ndipo FMBcapital Holdings mu First Capital Bank. Standard Bank ndi gawo la gulu la mabanki la ku South Africa.

Oyang'anira mabanki amaona gulu lonse, osati banki yokha. Kampani ikhoza kutenga ngongole kwina n'kuika ndalamazo mu banki yake ngati mpamba, kapena kuwerengera ndalama zomwezo kawiri, ku banki ndi ku kampani ya inshuwalansi ya gulu lomwelo. Pamapepala banki imaoneka yolimba pamene gululo lili ndi ngongole. N'chifukwa chake palinso malire pa ndalama zomwe banki ingabwereketse eni ake, akuluakulu ake ndi makampani a pachibale.

Zomwe zachitika ku Malawi

Basel II itayamba, mabanki ena analephera kufika pa malire atsopano. Malawi Savings Bank, yomwe inali ya boma ndipo inachokera ku banki ya positi ofesi, inali ndi ngongole zambiri zosabwezedwa. Mu 2015 boma linagulitsa masheya ake ambiri kwa FDH Financial Holdings, nkhani yomwe inautsa mkangano ku Nyumba ya Malamulo. Chaka chomwecho National Bank of Malawi inagula Indebank. Mu 2017 NBS Bank inawonjezera mpamba pogulitsa masheya atsopano kwa eni masheya ake, ndipo First Merchant Bank inagula Opportunity Bank. Pa kugulitsana kumeneku, maakaunti a osungitsa anasamukira ku mabanki ogulawo.

Momwe amakhudzira anthu wamba

Anthu a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona omwe amalandirira malipiro ku banki kapena kusungitsa kudzera kwa maejenti amatetezedwa ndi malamulowa, ngakhale ambiri sawadziwa. Ndalama za pa Airtel Money ndi TNM Mpamba nazonso zimasungidwa m'maakaunti apadera ku mabanki.

Koma malamulowa ali ndi mbali ina. Popeza kubwereketsa boma sikufuna mpamba wambiri ndipo kumabweretsa chiwongoladzanja chabwino, mabanki amakonda kubwereketsa boma kusiyana ndi wogulitsa kaunjika, kalipentala kapena mwini okala amene alibe chikole. Ambiri mwa anthu amenewa amadalira banki mkhonde, chipereganyu kapena katapila. Magulu oterewa satsatira malamulo a mpamba wa mabanki, choncho msungichuma akathawa ndi ndalama kapena mamembala akalephera kubweza, palibe mpamba wa eni woti utseke dzenjelo. Ma SACCO ali ndi lamulo lawolawo, la Financial Cooperatives Act la 2011, ndipo nawonso amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.