Mphunzitsi wamkulu amene anagwidwa chifukwa cha crossword

Lero ndikufuna ndikuuzeni za mnzathu wa choko amene anagwidwa ndi akazitape a boma chifukwa cha masewera odzaza mawu m'timabokosi aja.

Dzina lake anali Leonard Dawe, mphunzitsi wamkulu wa Strand School. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse sukuluyi inasamuka ku London kuthawa mabomba, n'kukakhala ku Effingham, m'dera la Surrey. Akaweruka, bamboyu ankakonza crossword ya nyuzipepala ya Daily Telegraph.

M'chaka cha 1944 Britain ndi America anali kukonzekera mwachinsinsi kukaphwanya asilikali a Hitler ku Normandy, m'dziko la France. Chilichonse chinali ndi dzina lobisa. Koma pa 2 May yankho lina mu crossword ya Dawe linali Utah. Pa 22 May kunatuluka Omaha. Awa anali mayina a magombe awiri amene asilikali a America amayenera kukatsikirapo. Pa 27 May kunabwera Overlord, dzina la chikonzero chonsecho. Pa 30 May, Mulberry, dzina la madoko oyandama. Pa 1 June, Neptune, dzina la gawo la nkhondo ya panyanja. Kunali kutatsala masiku 5 kuti pafike pa 6 June, tsiku lenileni lotsikira.

Tangoganizani mantha a akuluakulu a MI5! Ngati Dawe anali kazitape wotumiza uthenga ku Germany, ndiye kuti anyamata zikwizikwi akanakathera pamchenga. Ndipo aka sikanali koyamba: mu August 1942 dzina la Dieppe linatuluka mu crossword ya nyuzipepala yomweyi kutangotsala pang'ono kuti asilikali akaukire dokolo. Choncho anamutenga Dawe n'kumupanikiza ndi mafunso. Sanamupeze ndi mlandu, ndipo anamumasula.

Nanga mawuwo ankachokera kuti? Yankho linadza mu 1984, patapita zaka 40. Ronald French, amene anali mwana wa sukuluyo wa zaka 14 pa nthawiyo, anaulula kuti a hedi ankapatsa anyamata timabokosi topanda kanthu kuti alembemo mawu, iwo n'kumangopeka mafunso ake pambuyo. Anyamatawo ankakonda kucheza ku misasa ya asilikali a America ndi Canada imene inali pafupi, ndipo ankatola mawu amene asilikaliwo ankalankhula mosasamala.

Anzanga, ndani mwa ife sanapatseko mwana ntchito imene ili yathu, monga kulemba manotsi pabolodi kapena kuwonkhetsa malikisi? Chimene mwanayo walemba chimatuluka m'dzina lathu, ndipo zikavuta wofunsidwa ndi ife. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inunso ana anga akale, amene munkakhala chete kumbuyo kwa kalasi ngati simukumva za ku staff room, tiuzeni: munatola zingati?