ASSR

ASSR, chidule cha mawu achingerezi akuti auditory steady-state response, ndi njira yoyezera kamvedwe ka munthu poona mmene ubongo wake ukuyankhira mawu olowa m'khutu. Woyezedwayo safunika kulankhula kapena kukweza dzanja, n'chifukwa chake njirayi imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa makanda ndi anthu ena amene sangathe kunena ngati amva kanthu.

Mmene imagwirira ntchito

Woyeza amamata timawaya pachipumi ndi kuseri kwa makutu, kenako amalowetsa m'khutu liwu losalekeza, nthawi zambiri la 500, 1000, 2000 kapena 4000 Hz. Makina amakweza ndi kutsitsa liwulo mofulumira, mwachitsanzo ka 90 pa sekondi imodzi. Ngati khutu lamva, mitsempha ya muubongo imatulutsa timagetsi togunda pa liwiro lomwelo.

Timagetsito ndi tofooka kwambiri, ndipo timabisika m'magetsi ena ochokera muubongo ndi m'minofu. Kuti tioneke, kompyuta imagwiritsa ntchito masamu a Fourier, amene amalekanitsa mafunde osakanikirana malinga ndi liwiro la kugunda kwawo. Ikatero imayang'ana pa 90 Hz penipeni n'kuyerekeza ndi mafunde oyandikana nawo. Mafunde a pamenepo akaposa anzawo moonekeratu, ndiye kuti ubongo wayankha. Amagamula ndi masamuwo, osati diso la woyeza monga zimakhalira pa njira ina yotchedwa ABR. Woyeza amatsitsa mphamvu ya liwulo pang'onopang'ono mpaka yankho litasowa. Popeza liwu lililonse lingapatsidwe kugunda kwakekwake, mawu anayi m'khutu lililonse angayezedwe nthawi imodzi.

Mbiri

Mu 1981, Robert Galambos ndi anzake anafotokoza yankho la ubongo la pa 40 Hz. Yankholi ndi lamphamvu mwa akuluakulu amene ali maso, koma limafooka munthu akagona, ndipo mwa makanda silidalirika. Ofufuza a ku Melbourne ndi ku Toronto anasonyeza kuti kugunda kwa pakati pa 70 ndi 110 Hz sikusokonezeka kwenikweni ndi tulo. Izi n'zofunika chifukwa khanda limayezedwa lili mtulo.

Ubwino ndi zofooka

ASSR imatha kuyeza ndi mawu amphamvu kwambiri, choncho imathandiza kudziwa ngati mwana wosamva watsala ndi kamvedwe pang'ono asanamusankhire chipangizo chothandiza kumva. Komabe mwa munthu womva bwino imatha kusonyeza vuto loposa lenileni, ndipo siidalirika pa matenda a mtsempha wa khutu otchedwa auditory neuropathy. Pa chifukwachi zipatala zambiri zimaigwiritsa ntchito limodzi ndi ABR.