Dipstick: Kamtengo Kakale Kuposa Motoka

Tonse tinaonapo makanika akusolola kacitsulo katali mu injini, kukapukuta na kansanza, kukabwezela, ndiyeno kukasololanso kuti aone ngati oilo ili pakati pa MIN na MAX. M'Cizungu kacitsulo aka amakacha dipstick. Ambili a ife timaganiza kuti kanabwela na motoka. Dzina lake n'zoona, linayamba kuoneka m'mabuku m'zaka za m'ma 1920. Koma nchito yake ni yakale kwambili.

Liwuli lili na zigawo ziwili: dip, kuviika, na stick, kamtengo. Dip inacokela ku dyppan, liwu la Cingelezi ca zaka zoposa 1,000 zapitazo, limene linali kutanthauzanso kubatiza munthu mwa kumumiza m'madzi. Ni dip imodzimodzi imene alimi amakamba popeleka ng'ombe ku mankhwala opha nkhupakupa.

Injini zisanabwele, oviika timitengo anali okhometsa msonkho. Ku Britain boma linali kudyela pa mowa. Manje mbiya ya matabwa sionetsa za mkati, ndipo wofulula mowa sangaulule zonse kwa munthu wa msonkho. Conco wa boma anali kulowetsa ndodo yolembedwa manambala pa kabowo ka mbiya, kuona pamene yanyowa, na kuwelengela ndalama. Wolemba ndakatulo wa ku Scotland, Robert Burns, anagwilapo nchito ya msonkho imeneyi kuyambila mu 1789. Tangoganizani, munthu wokonda kapu akupima mowa wa anzake!

Acipatala naonso anatenga liwuli. Mu 1956 ku America, Helen Free na mwamuna wake Alfred anathandiza kutulutsa Clinistix, kapepala koviika m'mkodzo kamene kamasintha mtundu ngati muli shuga. Tumapepala tumene anamwino amapimila mkodzo wa azimayi apakati ku kiliniki ni tuzukulu twake.

Tanthauzo lothela ni la citonzo: dipstick ni munthu wopusa. Ambili amati anthu anasankha liwuli pothawa kutukwana, cifukwa pali lina loyamba na dip limene sitingakambe pa wailesi. Ma TV ndiye analifalitsa. Mu The Dukes of Hazzard, imene inayamba mu 1979, wapolisi Rosco anali kukalipila nalo wapolisi wake wamng'ono, ndipo mu Only Fools and Horses ya BBC, ya mu 1981, Del Boy anali kunyoza nalo mng'ono wake Rodney. Ise tiona kuti kacitsuloka akalakwila. Motoka zina zatsopano zilibe, zimadalila sensa, koma sensa ikafa amakanika amakasowa kamene sikanama.