Mizikiti ya 1999 ndi Mfunda wa 2000

Pa chisankho cha pa 15 June 1999, Bakili Muluzi, Msilamu wa ku Machinga, anapambana Gwanda Chakuamba wa mgwirizano wa MCP ndi AFORD. Nthawi ya misonkhano yokopa anthu kunafala mawu akuti Muluzi afuna kusandutsa Malawi dziko la Chisilamu. Zotsatira zitalengezedwa, mizikiti inatenthedwa m'chigawo cha kumpoto. Amene anaotcha anali anthu wamba, koma nkhuni anatola ndi ofuna mpando.

Asilamu a ku Chitungwiza, ambiri mwa iwo zidzukulu za Ayao amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, sanachedwe kulawa zofanana. M'chaka cha 2000 Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, poona kuti m'matauni ankakonda MDC. Lamulo la 2001 linalanda ambiri unzika ndi mphamvu yovota. Ku St Mary's ndi ku Zengeza, Mkhristu ndi Msilamu anatchedwa alendo limodzi, kufikira malamulo a 2013 atatsegulanso khomo.